Kukhoma chitseko ndi kusaka mbava: magawo awiri a chitetezo kwa olemba mapulogalamu

Pa 7 Seputembala 2017, kampani ya ku America ya Equifax, yomwe imasunga mbiri ya ngongole za anthu, inalengeza kuti akuba a pa intaneti alowa m'makompyuta ake. Chiwerengero cha okhudzidwa chinakafika pafupifupi 147 miliyoni. Munthu akamva nkhani yotere amaganiza za akatswiri oopsa, ochita matsenga omwe wamba sangawamvetse. Koma ofufuza anapeza kuti pomwe akubawo analowera panali podziwika kale. Chibowocho chinali mu Apache Struts, chida chomwe kampaniyo inkagwiritsa ntchito pa webusaiti yake ina, ndipo chigamba chochitseka chinatuluka mu Malichi. Akuba analowa mu Meyi. Eni ake anadzazindikira kumapeto kwa Julayi.

Nkhani ngati iyi imasokoneza anthu awiri. Woyamba ndi wachinyamata amene akuphunzira kulemba mapulogalamu, kaya ku MUBAS, ku MUST, ku Mzuni, kapena payekha pa YouTube ndi bandulo ya usiku. Akangomva za cybersecurity amathamangira kuika Kali Linux, system yodzaza ndi zida zoyesera kuthyola makompyuta, pa laputopu, poganiza kuti chitetezo ndiko kudziwa kuthyola. Wachiwiri ndi bwana amene walengeza kuti akufuna "developer wodziwa security", koma mutamufunsa kuti adziwe chiyani kwenikweni, angokanda kumutu. Onse awiri sanasiyanitse luso la maziko, loyenera aliyense wolemba code, ndi luso lapamwamba, la anthu ochepa amene anadzipereka ku ntchito imeneyi.

Mzere wake umadutsa pati

Ambiri amati cha maziko ndi chophweka, chapamwamba ndi chovuta. Muli zoona pang'ono, koma chosiyanitsa chenicheni n'china: kodi ntchitoyo mungampatse wina kuti akuchitireni? Taganizirani za chipatala. Opaleshoni ya ubongo amachita ndi madokotala owerengeka, ndipo chipatala chaching'ono chimangotumiza wodwala kwa iwo. Kusamba m'manja ayi. Palibe chipatala chomwe chingalembe munthu mmodzi woti azisambira anzake onse m'manja. Aliyense wogwira wodwala asambe yekha, nthawi iliyonse. Luso la maziko ndi la mtundu wa kusamba m'manja: limachitika pa mzere uliwonse wa code, ndiye palibe katswiri wobwereka amene angalichite m'malo mwa wolembayo.

Mfundo zake ndi zakale kuposa intaneti yomwe tikuidziwa. Mu 1975, Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder a ku MIT analemba mfundo zisanu ndi zitatu zotetezera makompyuta, ndipo ziwiri mwa izo zimamveka ngati malangizo a agogo: munthu kapena pulogalamu ipatsidwe mphamvu zokhazo zomwe ntchito yake ikufuna, ndipo pomwe pali chikayiko, yankho likhale kukana. Komabe kwa zaka zambiri makampani ankaona chitetezo ngati mpanda womangidwa nyumba itatha, ntchito ya dipatimenti ina. Zinayamba kusintha mavairasi a Code Red ndi Nimda atasakaza makompyuta a Windows mu 2001. Mu Januwale 2002, Bill Gates analembera antchito onse a Microsoft kuti akakumana ndi chisankho pakati pa kuwonjezera chinthu chatsopano ndi kutseka chibowo, asankhe chitetezo. Olemba Windows masauzande anaimitsa ntchito n'kulowa m'kalasi. Nthawi yomweyo bungwe lodzipereka la OWASP, lomwe linayamba mu 2001, linatulutsa mu 2003 mndandanda wake woyamba wa ngozi khumi zofala kwambiri pa mawebusaiti. Mpaka lero, wofuna kudziwa zomwe anthu amazitcha maziko amayambira pa mndandanda umenewu.

Zolemba za mlendo si lamulo

Phunziro loyamba ndi lakuti chilichonse chomwe chabwera kuchokera kunja, kaya ndi dzina lolembedwa pa fomu, nambala ya foni, kapena fayilo, chingakhale msampha. Vuto lotchuka kwambiri pano ndi SQL injection.

Tiyerekeze mwini nkhokwe ali ndi kalata yosindikiza kale yopita kwa mlonda: "Mpatseni ________ thumba limodzi la chimanga." Wobwera amangolemba dzina lake pampatapo. Tsiku lina kwabwera wochenjera, ndipo pampata paja walemba kuti: "Phiri matumba onse, ndipo musawerenge mawu otsatirawa:" Mlonda wosaganiza awerenga kalata yonse ngati lamulo limodzi la abwana, n'kutsegula nkhokwe.

Database, momwe pulogalamu imasunga zolemba zake zonse, ndi mlonda wosaganiza ameneyu. Wolemba code akamata mawu a mlendo mwachindunji m'funso lopita ku database, monga

`SELECT * FROM makasitomala WHERE dzina = '` kenako zomwe munthu walemba

ndiye kuti wapereka cholembera cha abwana kwa aliyense. Wina akalemba `' OR '1'='1` m'bokosi la dzina, funso lija limasanduka lakuti "ndipatse onse amene dzina lawo ndi lopanda kanthu, kapena ngati 1 ndi 1." Popeza 1 ndi 1 nthawi zonse, database imakhuthula makasitomala onse.

Mankhwala ake ndi prepared statements: lamulo limapita palokha, zolemba za mlendo zimapita pazokha, ndipo database imauzidwa kuti chilichonse chomwe chili m'bokosi la dzina ndi dzina basi, ngakhale chitaoneka ngati lamulo. M'chiyankhulo cha PHP muli chida cha PDO, ndipo ma framework (mafupa a pulogalamu omangidwa kale) monga Laravel ndi Django amachita zimenezi okha pokhapokha mutawalambalala ndi funso lolemba pamanja. Kusintha kwake ndi mizere iwiri kapena itatu.

Vutoli linafotokozedwa poyera mu Disembala 1998 ndi Jeff Forristal, m'magazini ya pa intaneti ya Phrack. Patapita zaka 17, mu Okutobala 2015, kampani ya mafoni ndi intaneti ya ku Britain ya TalkTalk inaberedwa zinsinsi za makasitomala pafupifupi 157,000 kudzera m'njira yomweyi. Masamba omwe anathyoledwa anali akale, omwe kampaniyo inawatengera pogula nthambi ya ku Britain ya kampani ya Tiscali mu 2009. Ena mwa omangidwa anali achinyamata osakwana zaka 20, ndipo ofesi yoteteza zinsinsi za anthu ku Britain inalipitsa kampaniyo mapaundi 400,000. Injection inali pa nambala 1 m'mindandanda ya OWASP ya 2010, 2013 ndi 2017, n'kutsikira pa 3 mu 2021. Ili ndi mbale wake wotchedwa XSS, pomwe mawu a mlendo amasanduka lamulo mu browser ya munthu wina, koma muzu wake ndi womwewo.

Kukudziwa n'kwina, kukulola n'kwina

Chomwe chinalanda nambala 1 mu 2021 ndi kulephera kuyang'anira yemwe akuloledwa kuona kapena kusintha chiyani. Pali mafunso awiri omwe anthu amawaphatikiza. Loyamba: ndiwe ndani? Ilo limayankhidwa ndi pasiwedi. Lachiwiri: chomwe ukupemphachi n'chako? Ilo liyenera kufunsidwa pa pempho lililonse, ndipo ndi lomwe limaiwalika. Zili ngati malo ogona alendo pomwe mlonda wa pageti amafunsa chiphaso mwamphamvu, koma kiyi wa chipinda chanu akutsegula zipinda zonse.

Ndinaonapo zimenezi ndi maso anga pa system ina ya malisiti yomwe ndinapemphedwa kuiyang'ana isanaperekedwe kwa eni ake. Nditalowa ngati kasitomala woyeserera, pamwamba pa browser panalembedwa `lisiti?id=1042`. Ndinafufuta 2 n'kulemba 1. Linatuluka lisiti la kasitomala wina, dzina, nambala ya foni, ndalama zonse. Mnyamata amene analemba system ija anadabwa zenizeni. "Koma achimwene, palibe batani lopita kumeneko," anatero. Iye ankaganiza kuti chomwe sichikuoneka pa sikirini sichingafikidwe. Wakuba sadina mabatani, amalankhula ndi seva mwachindunji, ndiye kufunsa kwa "n'chako?" kuyenera kuchitikira pa seva.

Musaganize kuti ndi vuto la ongoyamba kumene. Mu Meyi 2019 mtolankhani Brian Krebs anaulula kuti webusaiti ya First American Financial, kampani yaikulu ya inshulansi ya nyumba ku America, inkalola aliyense wokhala ndi link imodzi kuona zikalata za ena pongosintha nambala. Zikalata zomwe zinali poyera zinali pafupifupi 885 miliyoni, zina za mu 2003. Kwathu kuno, malipoti a ofufuza mabuku pa nkhani ya Cashgate ya 2013 anasonyeza kuti malipiro ena ankalowetsedwa mu IFMIS, system ya boma yoyendetsera ndalama, macheke n'kutuluka, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa. Nkhani imeneyo ili ndi mbali zambiri zomwe si za makompyuta, koma wolemba mapulogalamu amatolapo funso lake: n'chifukwa chiyani munthu mmodzi akhale ndi mphamvu yolowetsa, kuvomereza ndi kufufuta, ndipo akafufuta, mapazi ake amatsala pati?

Chovuta cha gawo ili n'chakuti zida zofufuzira zibowo sizilipeza bwino. Makina sadziwa kuti mphunzitsi wa Fomu 2 sayenera kusintha magiredi a Fomu 4. Amadziwa zimenezo ndi amene anakhala pansi ndi ahedi n'kumva mmene sukulu imayendera, yemwe ndi wolemba code uja.

Chigayo, mchere ndi mtondo

Pasiwedi siyenera kusungidwa mmene munthu waillembera. Imayamba yadutsa mu masamu otchedwa hashing, omwe ali ngati chigayo: chimanga chimasanduka ufa, koma ufa subwerera kukhala chimanga. Munthu akamalowa, system imagaya zomwe walemba n'kuyerekeza ufa ndi ufa. Database ikabedwa, wakuba amapeza ufa wokhawokha.

Koma wakuba naye ali ndi chigayo. Akhoza kugaya mapasiwedi otchuka, 123456 ndi anzake, n'kuona omwe ufa wake ukufanana. Pali zotchinga ziwiri. Choyamba ndi salt, kutanthauza mchere: pa pasiwedi ya munthu aliyense amathirapo zilembo zapadera asanagaye, kuti anthu awiri a pasiwedi yofanana atulutse ufa wosiyana. Robert Morris ndi Ken Thompson anafotokoza njirayi mu 1979. Chachiwiri ndi kusiya chigayo cha magetsi n'kutenga mtondo mwadala. Njira monga bcrypt, ya mu 1999, ndi Argon2, yomwe inapambana mpikisano wa akatswiri mu 2015, zinapangidwa kuti zizichedwa. Kusinja kamodzi munthu akamalowa sikuvuta. Kusinja maulendo mabiliyoni kumathyola msana wa wakuba. LinkedIn mu 2012 inkagwiritsa ntchito SHA-1, chigayo chothamanga, popanda mchere. Mapasiwedi 6.5 miliyoni anaikidwa poyera, ndipo mu 2016 zinadziwika kuti obedwa anaposa 100 miliyoni.

Makiyi a system yeniyeniyo, monga pasiwedi ya database kapena API key ya kampani yotumiza ndalama, nawonso saikidwa m'kati mwa code. Mu 2016 akuba anapeza makiyi a Uber mu code yosungidwa pa GitHub, malo osungirako code pa intaneti, n'kuwagwiritsa ntchito kutenga zinsinsi za anthu 57 miliyoni.

Gawo ili limaonetsa mzere uja bwino kwambiri. Kudziwa njira yoyenera kuitana ndi luso la maziko. Mu PHP ndi `password_hash()` basi. Kupanga njira yatsopano yobisira uthenga ndi luso lapamwamba zedi, ndipo ngakhale akatswiri sadzikhulupirira okha. AES, yomwe imateteza zambiri zomwe timatumiza lero, inapangidwa ndi Joan Daemen ndi Vincent Rijmen a ku Belgium, ndipo inakhala muyezo mu 2001 itapirira mpikisano wa poyera womwe unayamba mu 1997. Choncho mbali ina ya maziko ndi kudziwa pomwe uyenera kuchotsa manja.

Zomwe simunalembe nokha

Womanga nyumba sapanga yekha simenti, malata ndi maloko. Amagula. Wolemba mapulogalamu nayenso amabwereka ma library, zidutswa za code zolembedwa ndi ena, ndipo chidutswa chilichonse chimakoka zinzake. Mukalemba `npm install` kamodzi, mukhoza kulowetsa m'nyumba zidutswa mazana zomwe simunaziwerengepo. Tsiku lomwe kwamveka kuti loko wa mtundu wakuti akutseguka ndi kiyi aliyense, funso ndi lakuti: mukudziwa zitseko zomwe munaikapo loko ameneyo?

Equifax inagwa pa funso limeneli. Uthenga woti chigamba chiikidwe unatumizidwa m'kampanimo, koma system yomwe inali ndi chibowo inatsala. Dziko lonse linakumana ndi funso lomweli mu Disembala 2021, pomwe chibowo cha Log4Shell chinadziwika mu Log4j, library ya Java yolembera zomwe zikuchitika mu pulogalamu. Anachipeza ndi Chen Zhaojun wa ku Alibaba Cloud. Chinali choopsa moti pa masewero a Minecraft munthu ankatha kulamula seva pongolemba mawu ena mu chat. Makampani ambiri anatha masiku osati poika chigamba, koma pofufuza ngati ali ndi Log4j n'komwe, chifukwa inkabisala m'kati mwa zidutswa zina. N'chifukwa chake masiku ano mukumva za SBOM, mndandanda wa zosakaniza za pulogalamu, wonga uja wolembedwa pa paketi ya bisiketi. Kusunga mndandandawo, kufufuza zidutswa zazibowo ndi `npm audit` kapena `composer audit`, ndi kuika zigamba msanga, zonsezi ndi maziko.

Koma pali pomwe maziko amathera. Mu Malichi 2024, Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft amene amagwira ntchito pa database ya PostgreSQL, anaona kuti kulowa mu kompyuta yake kudzera pa SSH, njira yolowera m'kompyuta uli patali, kukuchedwa ndi theka la sekondi. Ambirife tikanangoti netiweki. Iye anakumba mpaka anapeza khomo lachinsinsi loikidwa mwadala mu XZ Utils, chida chopanikizira mafayilo chomwe chili mu Linux pafupifupi iliyonse. Analiika ndi munthu wodzitcha Jia Tan, amene anatha zaka pafupifupi ziwiri akuthandiza mwaulemu mpaka mwini ntchitoyo, yemwe ankaisamalira yekha mongodzipereka, anamukhulupirira. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani iyi amene anathamangira kuika version yatsopano ndi amene analowetsa mbava. Malangizo a maziko sakanathandiza. Panafunika diso la katswiri, ndi mwayi.

Kuganiza ngati wakuba usanamange

Pakati pa magawo awiriwa pali threat modeling, yomwe ena amaiika uku, ena uko. Ndi kukhala pansi musanalembe code n'kufunsa zomwe zingalakwike, monga mmisiri amayang'ana komwe madzi a mvula amadzera asanakumbe maziko. Loren Kohnfelder ndi Praerit Garg a ku Microsoft anapanga njira ya STRIDE mu 1999, yomwe imagawa ngozi m'mitundu isanu ndi umodzi. Adam Shostack anaifupikitsa ntchito yonse kukhala mafunso anayi: tikumanga chiyani, chingalakwike n'chiyani, tichitapo chiyani, ndipo tachita bwino kodi?

Tengani app yolipirira fizi kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Kholo likalipira, uthenga umabwera ku seva yanu woti ndalama zalowa. Nanga wina atatumiza uthenga wonamizira wofanana nawo? Nanga uthenga weniweni utabwera kawiri? Nanga wina atasintha 150,000 kukhala 1,500 pa foni yake pempho lisanapite? Mafunso awa safuna satifiketi. Koma kuchita zomwezi pa system ya banki yolumikizana ndi ma system ena makumi awiri ndi ntchito ya munthu amene waona zambiri. OWASP inawonjezera "kapangidwe kosatetezeka" pa mndandanda wake mu 2021, pozindikira kuti code yolembedwa bwino siingapulumutse pulani yolakwika.

Ntchito za akadaulo

Kumtunda kuli ntchito zingapo, ndipo iliyonse ndi dziko palokha. Penetration testing ndi kulemba munthu ntchito yoti ayese kuthyola system yanu mwachilolezo, n'kukuuzani pomwe walowera. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa: amaona zomwe eni nyumba anazizolowera. Reverse engineering ndi kumasula pulogalamu yomwe mulibe code yake, monga vairasi, kuti muone zomwe imachita. Bungwe la NSA la ku America linatulutsa kwaulere chida chake cha Ghidra mu 2019. Fuzzing ndi kuthira pulogalamu zinyalala mamiliyoni mpaka itagwa. Inayamba ndi Barton Miller wa ku University of Wisconsin mu 1988, ataona kuti mvula yamkuntho ikasokoneza waya wa foni womwe ankalumikizira kompyuta, zilembo zopanda tanthauzo zinkagwetsa mapulogalamu. Ndiye pali ofufuza zida zenizenizo, monga amene anaulula Spectre ndi Meltdown mu Januwale 2018, zibowo zomwe zinali mu ma processor osati mu code ya wina aliyense.

Heartbleed imaonetsa mmene magawo awiriwa amagwirirana. Chinali chibowo mu OpenSSL, chida chomwe chinkateteza mawebusaiti ambiri a HTTPS, njira yobisira uthenga pakati pa browser ndi seva. Kompyuta ina inkatumiza mawu n'kunena kutalika kwake, seva n'kuwabweza. Code sinkaona ngati kutalika konenedwako ndi koona. Munthu ankatha kutumiza chilembo chimodzi n'kunena kuti ndi zilembo 64,000, ndipo seva inkadzazitsa zotsalazo ndi chilichonse chomwe chinali mu memory, mapasiwedi ndi makiyi omwe. Kulakwitsako ndi kwa phunziro loyamba lija: kukhulupirira zomwe mlendo wanena. Komabe chibowocho chinakhala zaka ziwiri mu code yomwe aliyense ankatha kuiwerenga, mpaka Neel Mehta wa ku Google ndi akatswiri a kampani ya Codenomicon ya ku Finland anachipeza mu 2014. Kuchipewa kunali kwa maziko. Kuchipeza kunali kwapamwamba.

Kwa wachinyamata wa Kali Linux uja, mawu amodzi: kuyesa kuthyola system ya eni popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Malawi la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ngakhale cholinga chikhale chabwino. Malo ophunzirira alipo aulere, monga OWASP Juice Shop, WebGoat ndi Web Security Academy ya PortSwigger, omwe anapangidwa dala kuti athyoledwe. Ndipo wolemba mapulogalamu amene wathyolako Juice Shop kamodzi salembanso funso la database mmene ankalembera kale.

Mzere umasuntha

Chomwe chinali chapamwamba dzulo chimatha kukhala maziko lero. Kuika HTTPS kale kunkafuna ndalama ndi luso. Let's Encrypt itayamba kupereka masatifiketi aulere mu 2015, webusaiti yopanda HTTPS inasanduka chizindikiro cha ulesi. Zina zimachoka m'manja mwa munthu n'kulowa m'zida. Mu 2019 Microsoft inanena kuti pafupifupi 70 pa 100 ya zibowo zomwe imakonza chaka ndi chaka zimachokera ku kasamalidwe kolakwika ka memory, ndipo a Google Chrome anapeza chiwerengero chofanana. Wolemba C ayenera kukhala tcheru pa zimenezi mzere uliwonse. Wolemba Rust, Go, Java kapena Python amatetezedwa ku zambiri mwa izo ndi chiyankhulocho. Koma zida zatsopano zimabwera ndi maziko atsopano: amene akuika system pa cloud ayenera kudziwa kuti kudina kamodzi kolakwika kumatsegulira dziko lonse mafayilo ake.

Mafunso omwe adakalipo

Loyamba ndi la katundu. Gulu lina likuti wolemba code aphunzitsidwe zambiri, chifukwa chibowo chimatsika mtengo chikagwidwa msanga. Lina likuti munthu yemweyo wasenzetsedwa kale database, seva, kapangidwe ndi tsiku lomaliza la abwana, ndiye njira ndi kupanga zida zomwe kulakwitsa kwake n'kovuta. Umboni ulipo mbali zonse: maphunziro anathandiza Microsoft, koma chomwe chinatsitsa SQL injection kwambiri chikuoneka kuti ndi ma framework omwe amachita zoyenera okha.

Lachiwiri ndi la AI. Mu 2021 ofufuza a ku New York University anayesa GitHub Copilot, chida cha AI cholemba code, pa ntchito zomwe zimakonda kubala zibowo, ndipo pafupifupi 40 pa 100 ya mapulogalamu 1,689 omwe inalemba anali ndi chibowo. Zida zasintha kwambiri kuchokera pamenepo, ndipo zina tsopano zikupeza zibowo zomwe anthu anaziphonya. Ngati makina ndi amene akulemba, kodi luso la maziko lisanduka kuwerenga ndi kukayikira code yomwe sunalembe? Nanga munthu amene sanalembepo funso la database pamanja adzazindikira bwanji lolakwika?

Lachitatu ndi la mlandu. Kwa zaka zambiri wogulitsa pulogalamu sankalipira kanthu ikathyoledwa. Lamulo la European Union la Cyber Resilience Act, lomwe linayamba mu Disembala 2024 ndipo maudindo ake ambiri adzayamba mu Disembala 2027, likuika udindo pa opanga. Ku Malawi, Data Protection Act ya 2024 ikufuna kuti osunga zinsinsi za anthu aziteteze moyenera. Koma "moyenera" adzamuyeza ndi chiyani? Ndi mndandanda wa OWASP? Ndipo anthu ongodzipereka ngati wosamalira XZ Utils, omwe makampani a mabiliyoni amadya thukuta lawo kwaulere, ali mbali iti ya mlanduwo?

Lomaliza ndi la kuchepa kwa manja. Kugawa ntchito pakati pa maziko ndi zapamwamba kumaganizira kuti katswiri alipo woti aitanidwe. Pa kampani ya anthu atatu ku Lilongwe kapena ku Chipata, yomwe ikulemba system ya SACCO kapena ya kiliniki, wolemba code ndi yemwenso amaika seva, kuyankha foni ya kasitomala ndi kukonza printa. Kasitomala wapereka ndalama zokwanira mabatani omwe akuwaona pa sikirini. Kodi kuyesa system kwa munthu wakunja kulowe mu mtengo, ngakhale mpikisano wake atapambana ndi wotchipa amene sanakuwerengere? Kapena akakamize ndi boma ndi mabanki, pokana kulumikizana ndi system yomwe sinayesedwe?